Mapazi a m'kaseti ya ku Wicklow

Chimene Tupochele anayamba kuzindikira chinali mapazi.

Iye anali wophunzira pa yunivesite ku Dublin, ndipo madzulo ankagwira ntchito m'chipinda chapansi cha nyumba ina yosungiramo zakale. Ankamvetsera makaseti amene mzungu wina anajambula kalekale akuyenda m'manda ndi m'mabwinja a matchalitchi a ku Wicklow, dera la kumwera kwa Dublin, akuwerenga mokweza mayina a pa ziliza. Tupochele ankalemba mayinawo pa kompyuta.

M'kaseti yachisanu, mzunguyo akaima kuti awerenge, mapazi ena ankapitiriza kuponda timiyala, tswa, tswa, kenako n'kuimanso.

"Mwina ndi mphepo, achemwali," anatero Watson, mlonda wa pakhomo, Mmalawi mnzake wokhala ku Tallaght, dera lina la ku Dublin komweko, Tupochele atamufotokozera. Kenako anatsitsa mawu. "Komatu amene ankagwira ntchitoyi musanabwere inu anasiyira pa kaseti yomweyo. Akuti ngakhale jekete yake sanabwere kudzatenga."

Unali mwezi wa Disembala, ndipo ikamakwana folo koloko kunja kunkakhala kutada kale. Tsiku lachiwiri mapazi aja anamveka pafupi, pamodzi ndi kupuma kwa munthu wa chifuwa. Tsiku lachitatu, mzunguyo akatchula dzina la womwalira, mawu ena osasa ankavomera chapansipansi, monga amavomerera ana asukulu poitanidwa mayina. Tupochele anafuna kusiya, koma kafukufuku wake yense anali atatsamira pa makaseti amenewo.

Tsiku lachinayi anamva mzunguyo akuleka kuwerenga pakati pa dzina. "Ndani ameneyo?" anafunsa mzunguyo m'kasetimo. Kaseti inathera pomwepo, makina n'kuzima okha.

Mapazi sanaleke.

Tupochele anavula mahedifoni. Tswa, tswa, kumapeto kwa chipinda, pakati pa mashelefu, pamene pansi pake panali kapeti yokhayokha. Magetsi a kumeneko ankayaka okha munthu akamadutsa. Linayaka loyamba. Linayaka lachiwiri. Pamene lachitatu linkaphethira, iye anali atataya kale chikwama, akukwera masitepe awiriawiri.

Anapeza Watson ataimirira, maso ali tong'o pa sikirini ya makamera.

"Achemwali," ananong'ona, osamuyang'ana, "kodi munatsikira ndi ndani pansipo?"

"Ndekha, achimwene."

"Musacheuke. Bwerani kuno pang'onopang'ono."

Tupochele anangoima pomwepo. Fungo la dothi lonyowa linadzaza pakhomopo, ndipo kamphepo kozizira kanamukhudza m'khosi, kakubwera n'kumapita ngati kupuma. Watson anatambasula dzanja.

"Mukamva dzina lanu, chonde musavomere."

Tupochele anadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri. Kumbuyo kwake, pafupi kwambiri ndi khutu, wina anakonza kukhosi, ndipo movutikira, ngati munthu amene akuwerenga zilembo zofufutika pamwala, anayamba:

"Tu... po..."