Chitseko cha a Bizwick

A Bizwick ananyamuka mochedwa ku Boma, atatha tsiku lonse akuloweza bodza limodzi ngati mwana wa sitandade wani. Mwana wawo Justice anali m'chitokosi, akuti anabaya mlonda wa pa esiteti ndi mpeni wodulira tiyi. Mlandu unali wa m'mawa mwake, ndipo mboni yomupulumutsa inali bambo akewa, mkulu wa mpingo wathunthu. Manyazi? Ata pang'ono!

Minibasi inawatsitsa chiperoni chitakuta minda yonse. Anadzera njira ya kudamu, akubwereza mokweza: "Anagona pakhomo. Chitseko ndinakhoma ndekha."

Kumbuyo kunamveka mapazi. Tchafu... tchafu... ngati jombo zodzaza madzi.

Anaima. Mapazi aja anaimanso.

"Bwerezaninso, akulu ampingo. Mumaitha."

Anali mwamuna wofunda thumba kumutu, monga amachitira otchola tiyi pamvula. Madzi ankachucha thupi lonse. Fungo la matope!

"Ndinu ndani?"

"Chitseko chanucho n'cholimba, eti? Mpaka lero chikugwirabe ntchito?" Anaseka chamumphuno. "Chikhala munachitsegula nthawi ija, mlondayu bwenzi ali moyo. Mawa ndidzaima kumbuyo kwanu. Mukadzangochitchula, mudzamwa madzi amene ndinamwa ine."

Anawaloza ndi dzanja lopanda chala chachikulu.

Mkulu wa mpingo, liwiro! Jekete linatsala pa tchire la tiyi. Pemphero silinabwere, mwina linkachita manyazi m'malo mwawo.

Kunyumba akazi awo, a Marita, anawalowetsa n'kukhoma chitseko. Iwowa ndi amene anachapa malaya a magazi a mwana wawo, ndipo amuna awo atawafotokozera za chala chija, anamuzindikira munthuyo.

"Ndi Benard ameneyo," ananong'ona. "Wopanda chala uja anamuvuula m'damu kalekale, mlandu woyamba wa Justice. Mwaiwala? Munalumbira mawu omwewa, Baibulo lili m'manja, mwana n'kutuluka."

"Anthu akufa sayenda, iwe!" anakalipa a Bizwick. "Ndikapanda kunena, Justice akafera kundende. Yang'ana ngati wakhomadi."

"Ndakhoma ndekha."

A Marita anatsitsa nyali. Pasimenti panali mapazi a matope, ochokera pachitseko chokhomacho. Anathera kumbuyo kwenikweni kwa mpando umene a Bizwick anakhalapo.

Tho... tho... madzi anayamba kuwadonthera pakhosi.