Firiji ya m'Kalavani ya Malemu Yona

Efulemu anatseka kashopu kake pamsika wa Mitundu dzuwa lisanalowe. Linali Lachinayi la mwezi wa Okutobala, kutentha kwake kosaneneka. Anamanga chikwama cha zida pakaliyala, n'kupalasa njinga kulowera njira yafumbi yotulukira ku Nathenje. Anali mmisiri wa mawayilesi, masola ndi mabatire, ndipo ankadzitama kuti chinthu cha magetsi chikamukana iye, mwini wake angokachitaya kudzala. Koma sabata imeneyo matama anali atamuthera, chifukwa cha firiji imodzi.

Firijiyo inali m'kalavani, kanyumba koyenda pa matayala awiri, kamene kanaima kuseri kwa nyumba ya Agnes, mkazi wa malemu Yona. Yona anagula kalavaniyo ku Joni, komwe anagwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu, kuti akadzabwerera kumudzi azidzagulitsiramo zakumwa zozizira. Anabweradi nayo, koma atagona m'bokosi m'kati mwake, galimoto ikukoka masiku atatu kudzera ku Tete. Maliro atatha, Efulemu ndiye anaika sola padenga ndi mabatire awiri a lole pansi pa tebulo, firiji n'kuyamba kuzizira. M'mudzi monsemo munalibe firiji ina.

M'menemo ndi momwe munkakhala mankhwala a mkazi wake Masozi, timabotolo titatu ta insulini, jakisoni wa matenda a shuga, tochokera kuchipatala ku Nkhoma. Namwino anawauza mosapita m'mbali kuti mankhwalawo akatentha amafa mphamvu, munthu n'kumangodzibaya koma shuga osatsika. Ena anali oti adzalandira patapita miyezi iwiri.

Tsono firijiyo inayamba khalidwe lachilendo. Masana inkazizira bwinobwino. M'mawa ukaitsegula, m'kati muli mofunda ngati m'khwapa. Firiji yanji yogona usiku ngati munthu?

Lolemba Efulemu anakayikira mabatire. Analawira ndi mita yake, kuyeza, napeza moto uli wokwanira. Lachiwiri anachotsa fyuzi, ngakhale inali yamoyo, naikapo yatsopano, n'kupala mitu ya mabatire mpaka kuwala. Lachitatu anapeza waya wotafunidwa ndi khoswe kuseri kwa kabati. Anasangalala kwabasi, nalumikiza wina, nakauza Masozi kuti wamugwira wakubayo. Lachinayi m'mawa, firiji yofunda. Ndipo usiku wa Lachitatuwo Masozi anali atadzuka kasanu kukamwa madzi, milomo ili gwa. Kabotolo kamene ankabaya kanali katatuluka m'firiji yomweyo Lolemba. Efulemu anachita mantha, ndipo mantha ake anali oti mkazi wake amuthera m'manja iye ali kalikiliki ndi mawaya.

Anafika kwa Agnes kuli chisisira.

"Amayi, lero ndigona m'kalavanimo," anatero. "Vuto la usiku timaligwira usiku."

Agnes anayang'ana kalavani, kenako n'kuyang'ana pansi. "Simungabwere m'mamawa, a Efulemu?"

"M'mamawa ndimapeza zitachitika kale."

"Ine m'menemo sindilowamo kukada," anatero Agnes pomupatsa kiyi. Efulemu sanafunse chifukwa chake, poti mutu wake unali ku mawaya.

M'kati munali mopanikiza. Kumanja kunali chitseko ndi kampando, kumanzere benchi lalitali la khushoni, pakati katebulo, ndipo firiji inali kutsogolo. Firiji za m'kalavani zilibe injini, sizilira. Kumbuyo kwake kuli kachitsulo kotchedwa elementi, kamene kamatenthetsa mapaipi kuti madzi a m'katimo azizungulira. Kuti udziwe ngati ikugwira ntchito umachita kuyikapo dzanja. Efulemu anamangirira mita ku mawaya, nayala zida zake patebulo, nakhala pakampando. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Eyiti koloko anayeza. Moto wokwanira, elementi yotentha, timabotolo tozizira. Naini koloko, chimodzimodzi. Nyali ya m'nyumba mwa Agnes inazima. Agalu a kumaesiteti a fodya anauwa, kenako analeka. Kunja kunalibe ngakhale kamphepo.

Cha m'ma teni, sitepe ya pakhomo pa kalavani inalira. Inalira kamodzi, monga imachitira munthu akapondapo.

"Amayi?" anatero Efulemu.

Chitseko sichinatseguke. Koma masipuling'i a pansi anadandaula pang'onopang'ono, ndipo sikuludilaiva yomwe inali patebulo inayamba kugubuduka yokha. Inalowera kumanzere, n'kugwera pansi.

Anaitola, naibwezera. Inagubudukanso.

Anayang'ana mita. Moto sunasinthe. Anagwira elementi, inamuotcha chala. Magetsi onse anali bwino, monga analili sabata yonse. Apo m'pamene anakumbukira chinthu chimene anayenera kuchiganiza Lolemba pomwe: firiji yamtunduwu imafuna kuima mowongoka. Ikapendekeka, madzi aja amaima m'mapaipi, elementi n'kumangotentha pachabe. Anadzitukwana chamumtima. Masiku anayi akuzunza mafyuzi osalakwa.

Anatulutsa levulo yake yoikira masola, kachida kokhala ndi kathovu m'kati koonera ngati chinthu chaima mowongoka, naigoneka pamwamba pa firiji. Kathovu kanathawira kumapeto. Kalavani inali itapendekera kumanzere, osati pang'ono.

Mtima unakhalako pansi. Tayala lophwa ndi nkhani yaing'ono. Anatuluka ndi tochi, nazungulira. Tayala lakumanzere linali litaphwatalala ngati lasenza mabelo a fodya. Analiponda ndi phazi. Lolimba, mpweya uli tho. Anayika khutu, osamva kutuluka kwa mpweya. Nthaka pansi pake inali youma gwa, yosatitimira. Anaunika kunsi kwa kalavani ndipo anangoona chigubu chakale ndi mazira awiri a nkhuku.

Analowanso. Anaunika benchi lakumanzere. Khushoni inali italowa pakati, dzenje lake lofanana ndi pamene pakhala munthu wamkulu thupi. Madzulo sinali choncho. Kapena inali choncho? Anayesa kukumbukira, osakumbuka. Mbali imeneyo kunkachokera kamphepo kozizira, mwezi wa Okutobala, mawindo ali otseka.

Efulemu sanali munthu wokhulupirira msanga zoterezi. Anadziuza kuti kulemera kumagonja ndi kulemera kunzake. Panja panali mulu wa njerwa, ndiye anayamba kututa. Ankalowa nazo ziwiriziwiri, kuziunjika kumanja pafupi ndi kampando kake, maso osayang'ana kubenchi. Zitakwana makumi awiri, kathovu kanayamba kubwerera. Zitakwana makumi atatu, iye n'kukhalapo, kanaima pakati. Anapukuta thukuta, napumira m'mwamba.

Panapita mphindi zisanu, mwina khumi.

Khushoni ija inafufuma pang'onopang'ono. Matabwa a pansi analira, kamodzi, kawiri, katatu, kuzungulira tebulo. Kalavani inagwedezeka, n'kupendekera kumanja. Njerwa yapamwamba pa mulu inagwedera ngati wina waikhalira. Kuzizira kuja tsopano kunali paphewa pake.

Sanatembenuke. Chitseko chinali pafupi, dzanja likanafika. Miyendo inkati tiye, ndipo akanathawa palibe akanamuseka, poti palibe akanadziwa. Koma akanathawa ndi chiyani? Timabotolo akanakatisunga kuti, dziko lonse likuwira chonchi? Anatambasula dzanja, natsegula firiji. Timabotolo tinali titayamba thukuta. Kuzizira kunali kukutha.

Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenako tsiku la maliro linamubwerera lonse. Iye anali m'modzi mwa amuna asanu ndi mmodzi amene anatulutsa bokosi m'kalavani muno, pabenchi lomwelo. Anthu ankasimba kuti a Gilibati, malume ake a Yona amene anakatenga maliro ku Joni, anachita bwino panjira. Pamlatho uliwonse ndi pachipata chilichonse ankagogoda bokosi n'kunena kuti, "Yona, tawoloka Zambezi," kapena, "Yona, talowa m'Malawi," monga amachitira anthu potenga maliro kutali, kuti mwini wake asatsalire m'njira. Koma atafika pakhomo, azimayi anathamangira galimoto akulira, Agnes anakomoka, a Gilibati n'kuthamangira kukamudzutsa. Bokosi linatuluka mwaphuma. Efulemu anafufuza m'mutu mwake, ndipo sanakumbukire munthu aliyense akunena mawu otsiriza aja.

Ananyowetsa milomo. Mawu anatuluka aang'ono ngati a munthu wodwala.

"A Yona. Ndine Efulemu. Pepani, m'firijimu muli mankhwala a mkazi wanga. Ulendo unatha. Mwafika kwanu. Tsikani."

Anadikira, maso ali pa levulo.

Kenako njerwa ija inagwederanso. Masipuling'i anapuma. Sitepe ya pakhomo inalira kamodzi, ndipo kutentha kwa Okutobala kunabwerera m'kalavani monse. Efulemu anatulutsa njerwa zonse, ndipo kathovu kanakhazikika pakati penipeni. Sanagone. Ankangotsegula firiji, kutseka, kuyang'ana levulo, kutsegulanso. Tambala woyamba akulira, chitsulo cha m'kati chinali chitayamba kuuma ndi chisanu. Anagwira timabotolo, misozi n'kulengeza, poti chimwemwe chake chinali chachikulu kuposa mantha.

Kutacha anapeza Agnes akusesa pabwalo. Anayamba ndi za levulo ndi mapaipi, mwaumisiri, koma nkhani inamuthawa pakamwa mpaka ananena zonse. Agnes anasiya kusesa.

"Mwawauza kuti atsike?"

"Eya, ndipo atsikadi. Firiji ikuzizira."

"Nanga mwawauza kopita?"

Efulemu anapukusa mutu.

"A Efulemu, mawu amenewo sanena munthu wamba," anatero Agnes motsitsa mawu. "Amanena ndi malume. Ndipo akanena amatsogola mpaka kumanda, osacheuka, n'kukawaonetsa malo awo. Ine ndakhala ndikudikira a Gilibati. Ali kumaesiteti ku Mchinji, foni yawo siikugwira chiyambire Ogasiti."

"Ndiye munkadziwa?"

"Ndinkawamva. Koma sankavuta munthu. Ankangokhala." Anatola tsache lake, osamuyang'ana. "Munthu akatsika pamalo achilendo amatsata amene wamutsitsa."

Efulemu anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Anakulunga kabotolo kamodzi m'kansalu konyowa, nakaika m'thumba la malaya, n'kukwera njinga. Kwawo kunali kutsidya kwa dambo, ulendo wa mphindi khumi. Tsiku limenelo njinga inali yolemera. Pakamtunda kamene ankakwera akuimba mluzu masiku onse, anachita kuimirira pa mapedulo, tcheni chikulira. Anadziuza kuti ndi tulo. Anthu opita kudimba anamupatsa moni, iye n'kuyankha maso ali kutsogolo. Sanacheuke ngakhale kamodzi.

Masozi anali pabenchi la pakhonde, atafunda chitenje, maso atalowa. Efulemu anayedzamitsa njinga kukhoma, namupatsa kabotolo. Mkaziyo anakagwira, nakaika patsaya.

"Kozizira," anatero, akumwetulira koyamba sabata imeneyo. "Mwaikonza, bambo a Tamanda."

"Ndaikonza."

Masozi anakoka mankhwala, nadzibaya pantchafu, natsamira khoma. Efulemu anakhala pambali pake, ndipo kwa kanthawi anamva kuti usiku wonsewo sunapite pachabe. Kenako Masozi anasuzumira kuseri kwa nyumba, nayang'ana kunjira, nabwezanso maso kwa mwamuna wake.

"Nanga alendo aja atsikira pati?"

"Alendo ati?"

"Amene munawakweza pakaliyala. Ndakuonani mukutuluka m'dambomo muli awiri. Bambo onenepa, ovala suti."

Efulemu anayang'ana njinga. Tayala lakumbuyo linali litaphwatalala pansi. Akuliyang'ana choncho, linadzuka pang'onopang'ono mpaka kukhala bwino. Pakhonde panadutsa kamphepo kozizira, ndipo thabwa la benchi, kumapeto komwe kunalibe munthu, linayamba kupindika.