Chibangili cha aNangondo

Chibangili chinayaka pamkono pa aNangondo, iwo n'kutsinzina akumwetulira. Anali atangotchula molondola chiganizo cha Chingerezi chonena kuti uwu ndi mpando.

Munali m'chaka cha 2068. Sukulu ya kwacha ya ku Balaka inali italandira zibangili zotchedwa Chikoka. Chibangili chinkamvetsera wophunzira, ndipo akakhoza chinkatumiza m'mitsempha kukoma koposa uchi. Ochipanga ankati ulesi m'kalasi watha. Zinaonekadi choncho. Amayi amene kale ankajomba tsopano ankafika chitseko chisanatsekulidwe.

ANangondo, ogulitsa tomato, anadzera chinthu chimodzi. Mdzukulu wawo Lonjezo anabadwira kunja, sankamva Chichewa, komanso ankathawa mawu a makina omasulira. Iwo ankafuna kulankhula naye ndi pakamwa pawo.

"Mayi, tsegulani tsamba lachiwiri," anatero mphunzitsi wawo, Mayi Kalinde. "Mwezi wachitatu uno mukadali pa mpando womwewo. Ine nthawi ndilibe."

"Aphunzitsi, mawu atsopano ndimalakwitsa. Ndikalakwitsa, ichi chimazima. Nanga pokoma ndichokerepo chiyani?"

Kalasi lonse linali lotero: uyu wakakamira chitseko, uyo zenera. Mayi Kalinde anadandaula ku ofesi, koma anawayankha kuti ophunzira awo salakwitsa n'kamodzi komwe, vuto lili pati? Tsiku lina anawavula onse zibangili. M'mawa mwake kunabwera anthu awiri okha, ndipo anawabwezera zibangilizo.

Loweruka masana Mayi Kalinde anakonza zoti Lonjezo aonekere pakhoma la kalasi kudzera pa lamya ya zithunzi. Anali kamwana kochoka mano akutsogolo. Anayang'ana agogo akewo, n'kufunsa kanthu mwamanyazi.

"Akufunsa ngati mumamukonda," ananong'ona Mayi Kalinde. "Yankho ndi liwu limodzi lokha. Yesani, olo mulakwitse."

ANangondo anayang'ana mwanayo. Kenako anayang'ana pamkono. Ananena bwinobwino, osaphonya, kuti uwu ndi mpando.

Chibangili chinayaka. Iwo anatsinzina.

Pamene ankatsekula maso, Lonjezo anali atatsika kupita kukasewera. Pakhoma panangotsala mpando wopanda munthu.

Lolemba aNangondo anali oyamba kufika. Mayi Kalinde anawatsekulira chitseko. Makina anali atawaphunzitsa kukonda sukulu, n'kuwaiwalitsa chimene anadzera.