Msipu Womera pa Phazi

Ku Nkopola, kumtunda kwa msewu, kunali mkulu wina woweta nkhosa dzina lake Yasini. Umphawi unali utamanga msasa pakhomo pake. Ana a nkhosa zake ankadya udzu wokalamba, wouma ngati wofolerera nyumba, ndipo nthiti zawo unkachita kuziona uli patali. Idi ikayandikira, ogula ankangomudutsa n'kukaima pakhola la mnansi wake Sadik, pomwe tiana ta nkhosa tinali tonenepa, tosalala.

Yasini mtima unkamuwawa kwambiri. Koma kufunsa ayi, kwa iye aliyense wochita bwino anali ndi chithumwa.

"Mvula ndi imodzi, dzuwa ndi limodzi," ankatero kwa mkazi wake Amida. "Ameneyu ali ndi kanthu."

Tsiku lina anapita kwa sing'anga kuseri kwa mapiri a Namwera. Sing'angayo sanamufunse ngakhale dzina.

"Mukufuna msipu," anatero. "Ndikupatsani, wosauma ngakhale mu Okutobala. Koma udzu nawo umadya, bambo."

"Umadya chiyani?"

"Munthu. Mukatape dothi pomwe waponda, musakanize ndi mankhwalawa, muwaze kubusa kwanu. Nkhosa zikamanenepa, mwini phazi azitha. Mukawaza mwawaza, palibe kutolanso."

Yasini anavomera msangamsanga. M'mawa mwake anazemba n'kukatapa dothi la phazi lomwe linali pakhomo pa khola la Sadik. Phazilo linaoneka laling'ono, koma nsanje inamuphimba m'maso.

Msipu unameradi, wobiriwira pakati pa chilimwe. Ana a nkhosa anakula ngati akupopedwa, ogula anayamba kubwera kuchokera kutauni ya Mangochi, ndipo Yasini anafolera nyumba ndi malata. Chinkamusowetsa mtendere n'chakuti Sadik ankangoyenda wathanzi, n'kumamupatsa moni mwansangala. Yasini ankamuyang'ana pakhosi kufuna kuona mafupa, osaona kanthu. Anaganiza kuti mwina mnzakeyo ndi wotsirika.

Amene ankatha anali Amida. Chitenje chinayamba kumuzungulira kawiri. Kuchipatala anamuyeza zonse osapeza nthenda.

Masana ena, ali chigonere pamphasa, Amida anaitana mwamuna wake.

"Bambo, pali chomwe sindinakuuzeni. Tsiku munachokapo lija ndinapita kukhola kwa Che Sadik kukafunsa chinsinsi chawo. Alibe mankhwala alionse. Amadyetsa kudambo udzu ukadali wanthete, amasinthasintha malo, m'chilimwe amawonjezera masamba a mtedza omwe anasunga. Ndinaopa kukuuzani, mukanati ndakuchititsani manyazi."

Yasini anakumbukira phazi laling'ono lija. Anathamangira kubusa n'kuutentha udzu uja, koma unaphukanso wanthete kuposa kale. Anatsekera nkhosa m'khola, zinathyola mitengo n'kubwerera kukadya. Anapitanso ku Namwera, sing'anga anangoti, "Ndinakuuzani."

Amida anamwalira Idi isanafike.

Mukadutsa pamalopo lero mudzaona munthu wa nsanza akukwawa mu udzu wobiriwira, akupepeta dothi m'manja mwake. Mukamufunsa amati akutola phazi la mkazi wake.

Chuma cha mankhwala chimadya pakhomo pa mwini wake, ndipo dyera silisankha woti limuphe. Zomwe Yasini anakazifuna kuseri kwa mapiri, mnansi wake akanamuuza ulere, akanangofunsa.