Kugogoda kwa ku Matsiriro a Lufilya

Mvula ya chaka chimenecho inagwa ngati sidzasiyanso, ndipo tsiku limene inakata, anthu a ku Kaporo anayamba kumva kugogoda. Kunkachokera kumatsiriro, kumene mtsinje wa Lufilya umathira m'nyanja: gu, gu, gu, pang'onopang'ono, ngati munthu akumenya nkhafi pamimba pa bwato lopanda kanthu. Kunkayamba mdima ukangogwira, n'kuleka, kenaka n'kuyambanso, ndipo kukayamba agalu onse ankangoti zii.

Mmodzi wa amene anakumva anali Wallace Chimbalanga, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu. Iye anali ndi kabwato ka matabwa kamene anamusiyira mlangizi wina wa zaulimi posamuka, ndipo Loweruka lililonse ankakawedza ndi mbedza pongosangalatsa mtima. Mnzake wa paulendowu anali Manase Mwangomba, mlimi wa mpunga wa komweko, amenenso anali mkulu wa mpingo.

Kutacha, nkhani inali ponseponse. Amayi a pachitsime ankati ndi msodzi wina amene anamira kalekale, akufunafuna bwato lake. Amuna ankanong'onezana zina: ankati ndi chizindikiro cha anthu amene amaolotsa othawa boma kupita ku Tanzania. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo munthu wopezeka pafupi ndi zoterezo ankakwezedwa galimoto ya polisi, abale ake osadziwa komwe walowera. Choncho woopa mizimu sanapite kukaona, woopa boma naye sanapite.

Usiku wotsatira kugogoda kuja kunamvekanso, koma kwapatalipatali ngati womenyayo watopa. Usiku wina pakati pake panamveka kamawu kowonda ngati ka mwana wa mbuzi. Evelyn, mkazi wa Wallace, anatseka zenera ndi nsalu.

"Bambo a Lettie," ananong'ona, "inu ndinu mlendo kuno. Akakuonani kumeneko adzati ndinu mumaolotsa anthu."

Wallace anavomera kuti akunena zoona. Koma Lachisanu Manase anafika kusukulu, matope mpaka m'mawondo, n'kunena kuti madzi ayamba kutsika ndipo nsomba za mpasa zadzaza pamatsiriro, zofuna kukwera mtsinje. Anati wauza kale tcheyamani wa chipani kuti akukawedza basi, ndipo tcheyamaniyo wawalola, koma wati zikavuta iye sanamve chilichonse.

Ananyamuka tambala atalira, nkhungu ili tolo, moti wokhala kumbuyo kwa bwato ankaona wa kutsogolo ngati chithunzithunzi. Madzi anali ofiira, onunkha dothi ndi zinthu zoola. Pambali pawo pankadutsa makungwa a nthochi, udzu wa padenga, ndi mbuzi yotupa, miyendo ili m'mwamba. Anamangirira bwato ku bango, n'kuika nyongolotsi kumbedza. Posakhalitsa Manase anakoka mlamba, ndipo Wallace anakoka mpasa wonenepa umene unamunyowetsa malaya onse. Anaseka, mantha aja n'kuiwalika.

Pamenepo kugogoda kunayamba. Kunali pafupi kwambiri, kungoti kuseri kwa nkhungu, ndipo Wallace anakumva m'matabwa a pansi pa mapazi ake.

"Mwalimu," anatero Manase motsitsa mawu, poitana mphunzitsiyo monga amaitanira kumeneko, "tiyeni kunyumba."

Anamasula chingwe n'kupalasa molunjika kudooko. Koma kugogoda kuja, kumene kunali kumbuyo kwawo, tsopano kunamveka kutsogolo. Anakhotera kumanja, nako kunali kutsogolo. Manase anayamba kupemphera m'Chinkhonde, milomo yokha ikugwedera. Wallace sankadziwanso kumene kuli mtunda ndi kumene kuli nyanja. Ankangopalasa, akuganiza za Evelyn ndi kamwana kawo Lettie.

Mwadzidzidzi bwato linagunda chinthu cholimba, ndipo kugogoda kunalekera pomwepo. Unali mkuyu waukulu umene madzi anauzula kumtunda n'kudzausiya pamchenga wa pakati pa matsiriro. Ng'ona imene inagona pathunthu pake inatsetserekera m'madzi mosafulumira. Wallace atakweza maso anaona nsalu pamphanda ya nthambi, kenaka mkono ukulendewera.

Anali mayi. Anali atadzimangirira kunthambi ndi chitenje chake, nkhope italumidwa ndi udzudzu mpaka maso kutsala pang'ono kutsekeka. Manase anakwera mumtengomo, n'kuika khutu pakamwa pake.

"Ali moyo, Mwalimu. Ndi a Keziya awa, akazi a Zebedee."

Wallace anali atamva za mayiyu. Madzi anamukokolola tsiku la mvula yaikulu pamene ankachokera kudimba la mpunga, kumtunda kwa mtsinje, ndipo abale ake, atafuna m'magombe osamupeza, anali atalira kale maliro.

Anamutsitsira m'bwato mosamala, n'kumugoneka pamwamba pa jekete la Wallace. Manja ake anali otupa, zala zitauma, moti sanathe kugwira kapu. Wallace anachita kumumwetsa tiyi wa m'fulasiki pang'onopang'ono. Nkhungu inayamba kuyera, ndipo anaona kuti dooko linali chapafupi, kumanzere kwawo. Asanachoke, Wallace anayang'ana mozungulira mtengo wonse. Panalibe bwato, panalibe mgolo, panalibe ngakhale ndodo.

Keziya anagona m'chipatala kwa kanthawi, ndipo anachira. Tsiku limene anatuluka, iye ndi Zebedee anafika kunyumba kwa Wallace ndi dengu la mpunga, nkhuku ndi mkoko wa nthochi. Manase naye analipo. Zebedee anagwira manja a Wallace osawasiya, akungobwereza kuthokoza m'Chinkhonde kuti "Ndaga, ndaga fijo," misozi ikutsikira m'ndevu. Evelyn anakumbatira mlendoyo ngati mbale wake, ndipo analira pokumbukira kuti iye anatseka zenera kuti asamve.

Atadya, Keziya anafotokoza m'Chichewa chodukizaduka, Manase akumuthandiza. Anati ankatafuna makungwa a mkuyu ndi kumwa madzi ofinya kuchitenje. Anati anaitana mpaka mawu anatha. Wallace anamuuza kuti chimene chinamupulumutsa ndi nzeru yake yogogoda ija, ndipo anafunsa kuti ankamenya chiyani.

Mayiyo anamuyang'ana modabwa.

"Ine, aphunzitsi? Ndi manja ati? Ine ndimati ndi inu a kumudzi mukundifuna. Tulo tikafuna kundigwira, kugogoda kumayamba pansi panga penipeni, ng'ona zondilondalonda n'kubwerera. Ndimati, anthu anga sanandiiwale, ndisafe lero."

Zebedee anayang'ana Manase, Manase anayang'ana pansi, ndipo panja nkhuku ija inkakupiza mapiko pachingwe chake.

Kenaka Manase anavula chipewa n'kupempha kuti onse agwade. Anathokoza Mulungu chifukwa cha moyo wa Keziya, chifukwa cha mpasa umene unawatulutsa m'nyumba pamene mantha anawatsekera, ndi chifukwa cha matabwa a kabwato amene sanaphwasuke. Pomaliza anati:

"Ndipo uyo amene ankagogoda, Ambuye, ife sitimudziwa, koma inu mukumudziwa. Ngati ndi wanu, timuthokozereni. Ngati akusowa mpumulo, mupatseni."

Onse anayankha kuti Ameni, ndipo Keziya ndiye anayankha mokweza kuposa onse.