Nsalu Yonyowa pa Pampu ya Petulo

Galimoto yathu tinkaitchula kuti Apongozi, chifukwa inkayenda ikafuna yokha. M'mawa inkalira bwinobwino. Koma ikangotentha, makamaka pamtunda, inkatsokomola n'kuzima, ndipo ngakhale muigwadire siinkadzuka mpaka itazizira. Ndinasintha mapulagi. Ndinasintha koyilo, sefa ya petulo ndinasinthanso. Ayi ndithu, matenda ali pomwepo.

Tsiku limenelo dzuwa linaswa mtengo. Madzulo ndikusamba m'manja pakhonde, mkazi wanga anatuluka atanyamula mwana wathu wamng'ono, yemwe timangomutcha Kadona.

"Bambo a Kadona, tamugwirani mwanayu."

Ndinamugwira pamphumi. Moto weniweni! Maso anali atatembenuka, pakamwa akungobwebweta. Sitinakumbukenso zotseka chitseko. Mayi ake anakhala naye kumbuyo, ine n'kuliza galimoto.

Chipatala chili kutali, kuseri kwa mtunda wautali wopanda nyumba. Tinauyamba mdima ukugwa. Tili pakati, Apongozi anatsokomola, kenako zii.

Ndinapotoza kiyi. Sitata inangozungulira pachabe. Ndinapotozanso, ndikupopa mafuta ngati wamisala. Foni inalibe netiweki. Ndinatuluka, ndinamenya tayala ndi phazi, ndinatukwana mawu oti sindingawabwereze pano. Ndinali ndi mantha, abale. Mwana ankandifera m'galimoto.

Kenako ndinazindikira kuti nkhululu zonse zasiya kulira. Nkhungu yoyera inkatsika mumsewu pang'onopang'ono, nkhungu m'nyengo yotentha. Thupi langa linapepuka ngati ndili m'tulo. M'nkhungumo munatuluka bambo wina wovala ovolosi, chidebe cha madzi kumanja. Analibe tochi. Nsapato zake sizinkamveka.

"Mumaliza batire, achimwene," anatero motsitsa. "Tsegulani boneti."

Ndinatsegula osafunsa kuti ndi ndani. Injini inkaotcha kumaso, koma iye anaisisita ndi dzanja lopanda kanthu, osatsinzina n'komwe.

"Mwasintha zambiri, eti? Injiniyi ilibe mlandu. Taonani paipi ya petuloyi. Kokowera kake kanathyoka, ndiye yagonera chitsulo chotentha cha ekizozi. Petulo akuwirira m'njira, pampu ikungokoka mpweya."

Anaikokera pambali paipiyo n'kuimanga ndi kawaya. Anatulutsa nsalu m'chidebe, n'kukulunga pampu ndi paipi yomwe. Nthunzi inakwera mwaulesi, ndipo ine ndinangoima n'kumaiyang'ana, ngati kuti sindikuthamangira kulikonse.

Kadona anabuula. Bamboyo anadzutsa mutu.

"Winanso watentha m'katimo."

Anaviikanso nsalu ija n'kupita pawindo lakumbuyo. Anaima pamenepo, madzi akudontha.

"Mayi, kutentha ndimachotsa ndithu," anatero. "Koma kubweza sindidziwa."

Mkazi wanga sanandiyang'ane n'komwe. "Muikeni, bambo. Chonde muikeni."

Bamboyo anaika nsaluyo pamphumi pa mwana. Kadona anapuma mpweya wautali, manja ake n'kumasuka. Anatsegula maso, n'kumwetulira akuyang'ana kumbuyo kwa bamboyo, pamene ine sindinkaona munthu.

"Lizani tsopano, achimwene."

Kungogwira kiyi, galimoto inalira. Ndinasuzumira pawindo kuti ndithokoze. Panalibe munthu, panalibe chidebe. Nkhungu nayo inali itapita, nkhululu zayambiranso.

Kuchipatala anesi anamuyeza, n'kugwedeza choyezeracho, n'kumuyezanso. Anaitana adokotala. Iwo anati mwana alibe vuto, kungoti wazizira kwambiri, timufunditse. Tinamufunditsa mabulangete awiri mpaka kucha.

Kadona anachira. Galimoto nayo siinazimenso pamtunda, ndipo kawaya kaja sindinakachotse.

Nkhani itamveka, anthu anayamba kunong'ona. Wokonza matayala wa pakona pathu anandikokera pambali. Akuti kale makanika wina galimoto inamuzimira pamtunda womwewo, ali ndi mwana wodwala. Anafufuza vuto mumdima, ndipo pomwe ankalipeza n'kuti mwanayo atazizira kale pampando. Iyenso sanakhalitse, anamwalira. Ena amati amangoyendayenda kuthandiza anzake. Koma mayi wa nyumba yoyandikana nafe anapukusa mutu.

"Kuthandiza chiyani? Amatolera kutentha kwa ana a eni, akafunditse wake."

Ndinawakalipira kuti asiye zopusa. Koma kuyambira tsiku limenelo manja a Kadona sanafundepo. Amadya bwino, amasewera, amaseka, koma ngakhale masana dzuwa lili pamutu amavala juzi. Mayi ake akamamusambitsa madzi otentha amalira mobisa.

Dzulo madzulo ndinamukhazika pamiyendo. Ndinatenga timanja take n'kutifumbata, ndikutiuzira mpweya, ndikutisisita. Anandilekerera kwa kanthawi, kenako anandiyang'ana mwachifundo.

"Musavutike, ababa," anatero. "Mnzanga wa pamtunda uja akuti wayamba kumva kufunda. Akuti kwangotsala pang'ono."