Kamsomali ndi Nyundo Yofuna Moni

Panali mtsikana wina. Onse ankamuitana kuti Kamsomali. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake.

Bambo ake anali kalipentala. Iwo akamakhoma, iye ankawapatsira misomali.

"Kamsomali, msomali!"

"Nawu, ababa!"

Koma bambo anadwala. Anadwala sabata ziwiri. Kenako anamwalira.

Tsopano Kamsomali ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna nyundo ya bambo ake.

Nyundoyo anatenga ndi bambo aakulu, achimwene awo a bambo. Anabwera maliro atangotha. Anabwera ndi lole. Sananene odi. Sanapereke moni. Analira pang'ono pakhomo, n'kupukuta maso, n'kuyamba kunyamula.

Anatenga sowo. Anatenga tebulo logwirirapo ntchito. Anatenga bokosi la zipangizo. Anatenga misomali yonse yabwino. Anatenganso nyundo.

"Ndikakusungireni, alamu," anatero kwa amayi. "Mkazi ndi mwana wamkazi, nyundo muchita nayo chiyani?"

Amayi anawayang'ana m'maso.

"Musunge bwino, alamu. Musungenso manyazi anu, ngati muli nawo."

Potulutsa tebulo, bambo aakulu anagunda chitseko. Kachitsulo kogwira chitseko kanazuka. Chitseko chinapendekeka. Bambo aakulu sanacheuke n'komwe.

Kuyambira tsiku limenelo chitseko sichinkatseka. Mphepo inkalowa. Fumbi linkalowa. Nkhuku za eni ake zinkalowa.

Amayi anayesa kukhoma ndi mwala. Msomali unapindika. Mwala unawamenya chala. Chikhadabo chinada bii.

Amayi anapita kukabwereka nyundo kwa aneba.

"Pepani, yasowa," anatero aneba a kumanja.

"Pepani, yasowa," anatero aneba a kumanzere.

Bambo ali moyo, anthu omwewa ankabwera tsiku ndi tsiku. Tikonzereniko mpando. Tikonzereniko zenera. Lero nyundo zonse za mumsewu zinasowa tsiku limodzi!

Amayi anangotsamiritsa mpando pachitseko.

Bambo aakulu anasiya zinthu ziwiri zokha. Anasiya chitini cha misomali yopindika. Anasiyanso kabuku ka zithunzi, chifukwa kanali m'chikwama cha kusukulu.

Kabukuko bambo anakatola pamulu wa mapepala akale. Chikuto chake chinali chong'ambika. Mawu ake anali a chinenero chachilendo. Bambo sankachidziwa. Kamsomali sankachidziwa. Ndiye bambo ankangoyang'ana zithunzi, n'kumapeka okha mawu.

M'kabukumo munali dziko lozizira. Mapiri ake anali a madzi oundana. Munali mlatho wa utawaleza. Munali nkhalamba ya diso limodzi, akhwangwala awiri ali pamapewa. Munalinso mwana wa nkhalambayo, mwamuna wamphamvu wa ndevu zofiira. Bambo anamutcha Chindevu.

Ngolo ya Chindevu inkakokedwa ndi mbuzi ziwiri.

"Mbuzi, ababa?" Kamsomali ankafa nako kuseka.

"Ee. Galimoto yake inakana kulira ndi kuzizira."

Chindevu anali ndi nyundo. Akaiponya, kumwamba kunkagunda. Zimphona zinkagwa chagada. Kenako nyundo inkabwerera m'dzanja lake.

"Waona?" bambo ankatero. "Nyundo imadziwa mwini wake. Imabwerera yokha."

Nyundo ya bambo sinali ngati ya Chindevu. Inali yokalamba. Mutu wake unkagwedera pampini. Asanakhome, bambo ankaiimika, n'kumenyetsa tsinde la mpini pansi katatu.

Go! Go! Go!

Akatero mutu unkakhala bwino.

"Uku ndi kuipatsa moni," bambo ankatero. "Nyundo iyi ukapanda kuipatsa moni, imakwiya. Imauluka."

Lolemba, Kamsomali anaima pachitseko chopendekeka. Anatambasula dzanja ngati Chindevu.

"Nyundo, bwera!"

Nyundo sinabwere. Inabwera mphepo.

Lachiwiri anaimanso. Anatambasulanso dzanja.

"Nyundo, bwera!"

Nyundo sinabwere. Inabwera nkhuku.

Lachitatu anaimanso.

"Nyundo, bwera!"

Inabwera mvula. Inabwera ndi mphepo yaikulu. Mpando unagwa. Chitseko chinatseguka. Madzi amatope analowa m'nyumba.

Amayi ankachapa zovala za anthu. Imeneyo ndiyo inali ntchito yawo. Tsiku limenelo anali atachapa, atasita, atapinda. Madzi amatope anafika mpaka padengu la zovala. Malaya oyera anasanduka ofiira.

Amayi anaima n'kuyang'ana. Kenako anayang'ana Kamsomali. Dzanja lake linali likadali m'mwamba.

"Tsitsa dzanjalo!"

"Koma ababa anati imabwerera yokha."

"Ababa ako anali munthu wabwino. Ankayesa kuti onse ndi abwino. Tamvera ine. Nyundo ilibe miyendo. Katundu wa munthu wakufa sabwerera yekha."

Amayi ananyamula dengu. Anapita kukachapanso.

Kamsomali anakhala pakona. Analira. Analira mpaka mphuno inatseka. Kenako anatulutsa kabuku.

Anatsegula pakati. Panali chimphona cha mano aatali. Chimphonacho chinaba nyundo ya Chindevu. Chinaibisa pansi pa phiri.

Anatembenuza tsamba. Chindevu anatambasula dzanja. Nyundo sinabwere.

Anatembenuzanso. Chindevu anatambasulanso dzanja. Nyundo sinabwere.

Anatembenuzanso. Chindevu anatsitsa dzanja. Anamanga mbuzi zake kungolo. Anawoloka mlatho wa utawaleza. Anapita yekha kwa chimphona.

Kamsomali anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anapukuta mphuno.

"Mbuzi ndilibe," anatero. "Nyundo ilibe miyendo. Koma ine miyendo ndili nayo."

Lachinayi, ataweruka kusukulu, sanapite kunyumba. Anadutsa msewu woyamba. Anadutsa msewu wachiwiri. Anafika pagolosale ya bambo aakulu.

Pakhonde panali atelala, akusoka pamakina awo. M'kati munali mayi wina wogula sopo.

Kamsomali anasuzumira. Anaona tebulo la bambo. Pamwamba pake anaunjikapo sopo ndi mchere. Anaona sowo ya bambo. Inali pakona, itayamba dzimbiri. Anaona nyundo ya bambo. Inali m'dzanja la bambo aakulu. Ankafuna kukhoma shelefu pakhoma.

 Miyendo ya Kamsomali inafuna kuthawa. Iye anaikaniza.

"Odi, bambo aakulu. Mwaswera bwanji?"

Bambo aakulu sanayankhe moniwo.

"Ukufuna chiyani? Akutuma amako?"

"Sananditume. Ndadzatenga nyundo ya ababa."

"Ababa ako anali mng'ono wanga. Chake ndi changa."

"Chitseko chathu sichitseka."

"Ikani mpando."

"Mpando unagwa. Mvula inalowa."

"Ndiye ine ndine mvula? Ima uko uone amuna akukhoma."

Bambo aakulu anaika msomali pathabwa. Anakweza nyundo.

"Bambo aakulu, simunaipatse moni."

"Ndani?"

"Nyundo."

"Moni? Nyundo? Atelala, mwamumva mwanayu? Mutu sukuyenda!"

Atelala anaseka. Mayi wa sopo anasekanso. Kamsomali sanaseke. Anakoka mayiyo pamkono.

"Mayi, sunthirani kuno."

Bambo aakulu anakweza nyundo m'mwamba. Anaitsitsa ndi mphamvu zonse.

Vuu!

Mutu wa nyundo unauluka. Unadutsa pamwamba pa mchere. Unakagwa m'mazira.

Phwaa!

Mazira anathovukira pakhoma. Anathovukira pabuluku. Ena anafika pamphuno ya bambo aakulu. M'dzanja mwawo munangotsala mpini.

Atelala anasiya makina. Anagwira m'mimba.

"Achimwene, tinkayesa mukukhoma shelefu. Kodi mumakhoma mazira?"

"Khalani chete inu! Sokani zigamba zanuzo!"

Bambo aakulu anavuula mutuwo m'mazira. Anaubwezera pampini. Anakwezanso nyundo.

"Bambo aakulu, moni," anatero Kamsomali.

"Tseka pakamwa!"

Vuu!

Ulendo uno mutu unapita m'mwamba. Unagunda denga. Unabwerera pansi. Unagwera pachala chachikulu cha bambo aakulu.

"Mayo ine! Mayo chala changa!"

Anadumpha ndi mwendo umodzi. Anaponya mpini pansi.

"Chinyundo chachabechabe! Ndikachitaya kudzala!"

Kamsomali anawerama. Anatola mutu. Anatola mpini. Anapukuta mazira ndi diresi lake la kusukulu. Analowetsa mutu pampini. Anaimika nyundo.

"Moni, nyundo," anatero.

Go! Go! Go!

Anagwira msomali ndi zala ziwiri, monga ankachitira bambo.

Kho! Kho! Kho!

Msomali unalowa wonse. Nyundo sinauluke. Shelefu inaima nji.



Mayi wa sopo anamuyang'anitsitsa Kamsomali.

"Kodi iwe si mwana wa kalipentala uja? Uja anandikonzera bedi la mwana?"

"Ndine, mayi."

"Ndiye nyundoyi ndi yake? Nanga tebulo ili?"

Bambo aakulu anayang'ana pansi.

"Ndikungowasungira."

"Kusunga kwake kumeneku?" anatero atelala. "Mwasunganso ndi sopo pamwamba pake!"

Mayi uja anabwezera sopo patebulo.

"Sopo wa patebulo la ana amasiye sangayeretse kanthu," anatero. Anatuluka osagula.

Nkhope ya bambo aakulu inachita mdima.

"Tenga chinyundo chakocho! Choka!"

"Nanga sowo?"

"Ndati choka!"

Kamsomali anachoka. Sowo inatsala. Tebulo linatsala. Bokosi linatsala. Koma nyundo inali m'manja mwake. Anaigwira ndi manja awiri mpaka kunyumba.

Anapeza amayi ali pakhomo, maso ali kumsewu.

"Unali kuti? Anzako anabwera kalekale! Taona diresi! Ukuyesa ndilibe zochapa?"

 Kamsomali anangowapatsa nyundo.

Amayi anasiya kukalipa. Anakhala pansi. Anasisita mpini. Pamalo pamene bambo ankagwira panali posalala. Amayi anaika dzanja lawo pomwepo. Misozi inagwa iwiri. Anaipukuta msanga.

"Yabwera yokha?"

"Ayi, amayi. Ndakaitenga."

"Anakupatsa ndi mtima umodzi?"

"Inayamba yawamenya chala."

Amayi anayang'ana chikhadabo chawo chakuda. Anaseka. Aka kanali koyamba kuseka chichokereni maliro.

"Yachita bwino. Nanga sowo? Nanga tebulo?"

"Akana."

"Akane. Ziwatsamwe pakhosi. Tiye tikonze chathu."

Kamsomali anabweretsa chitini. Misomali yonse inali yopindika. Anaiika pamwala. Anaiwongola umodzi umodzi. Bambo ankati msomali wopindika sataya, amauwongola.

Awiriwo anaimika chitseko. Anaika mpando pansi pake kuti chisagwe. Amayi anakweza nyundo.

"Amayi, moni kaye!"

"Ha! Ndingafanane ndi alamu anga."

Go! Go! Go!

"Kamsomali, msomali!"

"Nawu, amayi!"

Kho! Kho! Kho!

"Kamsomali, msomali!"

"Nawu, amayi!"

Kho! Kho! Kho!

Anachotsa mpando. Amayi anakankha chitseko. Chinatseka. Anachitsegula. Anachitsekanso. Anachitsegulanso. Anachitsekanso.

"Amayi, muchitopetsa!"

"Chisiye. Chapuma masiku ambiri."

Dzuwa linali lisanalowe. Amayi anakhala pampando. Kamsomali anakhala pamiyendo pawo, nyundo ili pambali. Anatsegula kabuku patsamba lomaliza. Chindevu anali atakwera ngolo, nyundo ili m'dzanja. Chimphona chinali gada pansi.

"Amayi, apa akuti chiyani?"

Amayi anayang'ana mawu achilendowo. Anakwinya nkhope ngati akuwerenga.

"Apa akuti, wakuba mutu wake mazira."

"Bodza, amayi!"

"Ukudziwa bwanji? Umawerenga chinenerochi?"

Onse anaseka.

Panja mphepo inafika. Inakankha chitseko. Chitseko chinakana. Nkhuku inafika. Inajompha pansi, n'kubwerera.

Amayi analoza chitseko ndi chala chawo chakuda chija.

"Waona, mwanangu? Kuyambira lero, wofuna kulowa muno ayambe wanena odi."